Suti Inatsogola Kumudzi

Ine ndine Jairos, wa madiramu. Mkati mwa sabata ndimayendetsa basi mu Birmingham, koma Loweruka ndimazungulira ndi vani ya kakampani kena kotumiza katundu kumudzi, kutolera madiramu abuluu m'makomo mwa Amalawi kuyambira ku Solihull mpaka ku Walsall. Ntchito imeneyi yandidziwitsa anthu kuposa mmene abusa amawadziwira. Munthu akhoza kukunamiza kutchalitchi, koma diramu lake silinama. Wina amadzazamo nsapato zothina za ana ake, wina mafuta ophikira ndi sopo, wina makatani a nyumba imene yakhala pa windo levulo zaka zisanu ndi ziwiri. Pa zaka zonse zimene ndanyamula madiramu, amene anadzazamo mabuku ndi munthu mmodzi yekha, a Augustine Namathanga, bambo a Tiwa, ndipo msana wanga sunawaiwale mpaka lero.

Nkhani yawoyi anandilola okha kuti ndiinene. Anangoti, "Nenani achimwene, koma musaithire nsinjiro zambiri." Ndiyesetsa, ngakhale dzanja langa n'lolemera.

A Namathanga anabadwira ku Phalombe, m'tsinde mwa phiri la Michesi. Bambo awo anamwalira iwo ali sitandade folo, ndiye amene anawaphunzitsa ndi mayi awo ndi nandolo. Chaka chilichonse mayiwo ankabzala nandolo pakati pa chimanga, akakolola n'kusenza matumba kupita nawo kwa mavenda a sikelo pamsika. Funso limene linawavuta a Namathanga kuyambira ali aang'ono linali loti nandolo yenseyu amapita kuti, popeza mavendawo sankamudya. Funso limenelo ndi limene linawafikitsa ku yunivesite ku Zomba kukaphunzira zachuma, kenako ku unduna wina ku Likulu, kumene anagwira zaka khumi ndi chimodzi. Kumeneko anali munthu wa tayi, wa desiki yakeyake, ndipo mesenjala ankagogoda asanalowe.

Akazi awo, mayi Dinnah, ndi namwino. Ndiwo anayamba kubwera kuno atapeza ntchito pachipatala ku Walsall. Patatha chaka, a Namathanga anatenga tchuthi chosalipidwa, nanyamula ana awiri, Tiwa ndi Harvey, kudzawatsatira. Cholinga chinali chomveka bwino: achite digiri yachiwiri mu Birmingham chaka chimodzi, abwerere ku desiki yawo, akaziwo adzabwere pambuyo mapepala awo okhalira kuno akakhazikika. Tonsefe tinabwera ndi zolinga zomveka bwino chonchi. Ine ndinabwera kudzakhala zaka ziwiri, ndipo njerwa zimene ndinaumbitsa ku Mchinji chaka chimenecho zinasanduka chulu kalekale.

Digiriyo anaimaliza, ndipo anakhoza bwino kwambiri. Pepala lawo lalikulu linali lofufuza mmene dziko la anthu ochuluka ngati India lakwanitsira kukweza chuma chake zaka zambiri motsatizana, ndi zimene lingachite kuti liwiro limenelo lisatsike. Analimangitsa ndi chikuto cholimba chakuda, dzina lawo lili m'zilembo zagolide. Mmene ankalandira digiri, atavala suti yabuluu imene anagulira tsikulo, n'kuti atayamba kale ganyu ku weyahausi ina ku West Bromwich, kumene amalandira zakudya zochokera ku India n'kumazigawa m'mashopu. Ankati ndi ganyu wa miyezi itatu.

Ife timapemphera mu holo ya sukulu ina ku Walsall, Amalawi ndi anzathu a ku Zambia, ndipo tikaweruka pamakhala tiyi ndi mandasi. Ukalakwitsa n'kuima pafupi ndi a Namathanga uli ndi kapu m'manja, tiyi wako ankazizira usanamumwe.

"Kukula chaka chimodzi si nkhani," ankatero, ndasi ali nalo m'manja ngati choko. "Mvula ikagwa bwino aliyense amakula. Nkhani ndi seven percent chaka ndi chaka, osapumira. Mukatero zaka teni, economy yanu yadabula. Koma pafunika magetsi osathima, msewu wopita kudoko, ma factory oti achinyamata azilowamo m'mawa uliwonse. Ndiye pafunikanso anthu odziwa ntchito akhale pa ma desk awo, osati onse kuthawira kunja."

"Nanga imwe muli kuti, ba economist?" anafunsa tsiku lina Steve, mnzathu wa ku Kitwe amene pakamwa pake palibe geti.

"Ine ndili pa leave," anayankha a Namathanga osaseka n'komwe.

Kuyambira tsiku limenelo dzina lawo linakhala a Seveni. Ngakhale amayi a chigwirizano ankawaitana choncho, ndipo iwo ankavomera. Tinkawaseka, inde, koma kunena zoona tinkawanyadiranso. Pakati pa ife otawasa okalamba ndi oyendetsa mabasi, panali munthu mmodzi amene ankalankhula za kwathu ngati dziko loti likhoza kukonzeka.

Tsiku lina nditawapatsa lifiti kuchokera kuntchito kwawo, anatulutsa m'chikwama kapaketi kong'ambika ka tinyemba tachikasu toswa pakati.

"Mukumudziwa uyu, achimwene?"

Ndinati ndi zija amaphika anzathu a ku India.

"Ndi nandolo uyu. Amachoka kwathu ndi makoko ake, pa mtengo womvetsa chisoni, n'kukwera sitima ya pamadzi mpaka ku India. Kumeneko amamusupula, kumuswa, kumuika mu packet yokongola, ndiye amabwera kuno kuti ine ndizimukoka pa pallet ku weyahausi. Ntchito zonse zapakatipo zinapita kwa ana a eni ake. Mwina wina mu packet muno anachokera m'munda mwa mayi anga." Anabweza kapaketiko m'chikwama. "Ine ndi nandolo tinatuluka mofanana, achimwene. Tonse tinatuluka ndi makoko athu."

Ndinaseka, koma iwo sanaseke, ndiye ndinangokweza wailesi.

Chimene chinawamanga miyendo ndi rota ya akazi awo, kapepala kosonyeza masiku ogwira ntchito kamene kankamatidwa pa firiji. Kuno kulibe mphwako woti akugwirireko ana, kulibe neba woti ungomuponyera mawu pampanda. Mayi Dinnah akagwira usiku ankatsika basi ya eyiti m'mawa, n'kupeza amuna awo ataima pasiteji ndi ana ovala kale yunifolomu. Ankapatsirana anawo pomwepo, moni wa mawu awiri, bambo n'kuwoloka msewu kukakwera basi yolowera kwina. Shifiti yawo inali ya nayini mpaka thuu, imene ku weyahausiko amagwira amayi a ana aang'ono, kuti kota pasiti filii akhale ali pageti la sukulu. Ntchito zabwinoko zinkapezeka, ina ku Solihull anawaitana mpaka kawiri, koma panalibe ndi imodzi yomwe yoweruka thuu koloko. Anayesa kuitanitsa apongozi awo kuti adzathandize, visa sinatuluke. Chaka chinatha, china chinatha, ndipo chaka chilichonse ankalemba kalata ku Likulu yopempha kuwonjezera tchuthi.

Chaka chatha, mwezi wa Epulo, yankho linabwera lachilendo. Abwana awo akale, mayi Chimbalanga, analemba kuti tchuthi sichiwonjezedwanso. Pofika pa 1 Julayi akhale ali pa desiki, apo ayi dzina lawo lichotsedwa m'buku la ogwira ntchito. Koma kalatayo sinathere pamenepo. Kuofesiko ankakhazikitsa kagulu kokonza ndondomeko ya mafakitale osupula ndi kupakira mbewu m'chigawo cha kummwera, nandolo ali patsogolo, ndipo mayiwo ankafuna a Namathanga akatsogolere kaguluko. Pansi penipeni anawonjezera ndi cholembera: "Pepala lanu lija ndinaliwerenga lonse. Bwerani mudzalichite."

Apa n'kuti a Namathanga ali ndi zaka makumi anayi ndi zitatu, ndipo ankadziwa kuti mwayi wotere subwera kawiri. Koma kuno mapepala okhazikika amawerengera zaka zisanu, ndipo munthu akatuluka m'dziko kupitirira theka la chaka kuwerengako kumayambiranso pa wani. Iwo anali atawerenga zitatu. Mayi Dinnah anali atatsala ndi chimodzi, moti kusuntha sakanasuntha, makamaka popeza pa wailesi zinayamba kumveka zoti zisanuzo mwina zikhala khumi. Ana nawo anali atamera mizu. Chichewa cha Tiwa chinkathera pa "zikomo" ndi "ndakhuta". Kupita kunkatanthauza kupita okha, n'kusiya mayi mmodzi ndi ana awiri ndi rota ija.

Ndinalipo tsiku limene mayi Dinnah anagamula, chifukwa ndinali nditabweretsa diramu lopanda kanthu ndipo amuna awo ankazengereza kulilandira.

"Lilowetseni, a Jairos," anatero mayiwo. Kenako anatembenukira kwa amuna awo. "Pitani, bambo a Tiwa. Ndatopa kukhala ndi munthu amene thupi lili ku Walsall, mutu uli ku Capital Hill. Ana ndiwamaneja."

Munthu wophunzira sachita chinthu asanachiyese. A Seveni ananena kuti ndondomeko iliyonse yanzeru imayamba ndi kuyesera pang'ono, ndiye sabata yoyamba ya Juni anasamukira kwanga ku West Bromwich n'kumagona pa sofa, kuti banja lione mmene lingakhalire popanda iwo. Pa firiji anamatapo tchati cha mitundu itatu ya inki. Mayi Felista a ku Ntcheu, amene amagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, anavomera kuthandiza masiku ena. A Namathanga anapita mpaka kusukulu kukachotsa nambala yawo ya foni n'kuikapo ya mayi Felista, kuti kuyesako kukhale kwenikweni. Ine ndinawauza kuti zimenezi n'zamisala, iwo anati ndi sayansi. Sabata yonseyo anali munthu wosowa pogwira. Kota pasiti filii ikayandikira ankadzidzimuka okha n'kuyamba kufunafuna nsapato, kenako n'kukhalanso pansi. Lamlungu anabwerera kunyumba, akazi awo anati zonse zayenda bwino, ana anagwedeza mitu, ndipo Lolemba anagula tikiti ya Loweruka la pa 28 Juni.

Kwa ife munthu sanyamuka ulendo wotere osapemphereredwa. Abusa athu ali ndi chizolowezi choitanitsa pasipoti ya wapaulendo, kuikweza m'mwamba, mpingo wonse n'kutambasulira manja komweko. Lamlungu lotsanzikana a Namathanga anavala suti ija, kachiwiri chiigulireni. Abusa anapemphera kuti pasipotiyo isakanidwe pachipata chilichonse, ndiponso kuti mwini wake akakhale Yosefe wa dziko lathu. Titati ameni, a Namathanga anailandira ndi manja awiri, kuilowetsa m'thumba lam'kati la jekete, n'kuligunda kawiri ndi chikhatho. Maso awo anali ofiira. Ndinasangalala nawo tsiku limenelo, ndipo nsanje ndinali nayonso, sindibisa.

Tisanamalize tiyi, mzere unali utayamba kale. Awa ndi matenda athu Amalawi, ndipo amandinyansa. Munthu akangomveka kuti akupita kumudzi amasanduka positi ofesi. Aliyense amabwera ndi "kaphukusi kakang'ono chabe", koma ukakanyamula dzanja limatsika. Mafoni akale, mankhwala a mawondo, mawigi, nsapato za ukwati wa mu Ogasiti. A Namathanga sadziwa kukana munthu. Mmene sabata inkatha, masutikesi awo awiri anali atadzaza ndi katundu wa eni, wawo atasowa malo.

N'chifukwa chake Loweruka lotsatira, nditabwera kudzanyamula diramu, suti ija inalowa m'menemo. Mayi Dinnah anaipinda bwinobwino m'pulasitiki n'kuiyala pamwamba pa mabuku.

"Tsiku loyamba ndikavala yakale, ili kwa achemwali ku Area 25," anatero a Namathanga. "Iyi indipeza mu September."

Tinatseka chivundikiro, kumanga mkombero wachitsulo, kukhoma kaloko, n'kukulunga tepi mozungulira. Pambali analembapo okha ndi zilembo zazikulu: A. NAMATHANGA, LILONGWE. Tinalinyamula amuna atatu. Mayi Dinnah atafunsa kuti linyamuka liti, ndinangoyankha mwa chizolowezi kuti kontena ichoka mkati mwa sabata.

Lachitatu masana foni inalira ndili pa nthawi yopuma. Anali a Namathanga. Pasipoti sinkaoneka. Anali atagubuduza nyumba yonse, mpaka kukhuthula masutikesi a maphukusi aja, ndipo ataimbira akazi awo kuntchito, mayiwo ndiwo anakumbukira za pemphero la abusa ndi thumba la jekete.

"Mtima m'malo, akulu," ndinatero. "Kontena yachedwa, ipakiridwa Lachisanu m'mawa. Diramu lanu likadali kuyadi ku Smethwick. Mawa mukatenga ana kusukulu ndidzakutengani, tikatsegule."

Anapumira m'mwamba, nandithokoza katatu. Anati akazi awo sawauza kaye, akufuna adzangowaonetsa pasipoti ili m'manja, popeza mayiwo ankadziimba mlandu kuti ndiwo anapinda suti.

Lachinayi ndinawapeza pageti la sukulu. Harvey tinamusiya kwa mayi Felista, koma Tiwa anakakamira kukwera vani, ndiye anakhala pakati pathu. Ndi mwana wa zaka zisanu ndi zinayi, wofatsa, woganiza asanalankhule ngati bambo ake. Titayenda pang'ono anafunsa, maso ali pamsewu.

"Daddy, when you're in Malawi, can school still ring you?"

Bambo ake anamufunsa m'Chichewa kuti asukulu angawaimbire chifukwa chiyani. Mwanayo anamasula zonse m'Chingerezi chake chofulumira. Lachinayi la sabata yoyesera ija, mayi ake anali atagwira mausiku atatu otsatizana. Atasiya ana kusukulu anakagona, ndipo wotchi yowadzutsa italira sanaimve. Asukulu anaimba kambirimbiri. Anaimbira mayi Felista, koma foni yawo inali yotsekeredwa m'kabati kuntchito. Tiwa ndi Harvey anakhala mu ofesi mpaka faifi koloko itadutsa, Harvey akulira, mpaka mayi awo anafika akuthamanga atavala masilipasi. Aphunzitsi analankhula mwaulemu, koma ananena kuti zikadzachitikanso adzayenera kudziwitsa a social, a boma oona za ana. Panjira mayi awo anawalonjezetsa kuti asauze bambo.

"Mummy cried on the bus," anamaliza motero Tiwa.

Palibe kholo kuno limene silidziwa kuti mawu oti "a social" amatanthauza chiyani: akhoza kukulanda ana. Ine ndinangogwira chiwongolero ndi manja onse awiri. A Namathanga anasisita mwana wawo pamutu n'kumuuza kuti wachita bwino kunena.

Kuyadi salola ana chifukwa cha magalimoto onyamula katundu, ndiye Tiwa tinamusiya m'vani panja pa geti ndi foni yanga. Diramu tinalipeza pamzere wachitatu. Ndinalikokera poyera, n'kudula tepi ndi mpeni. Chotsala chinali kaloko basi, ndipo kiyi inali kwa iwo. Anaitulutsa m'thumba, koma sanawerame.

"Tsegulani akulu, anthuwa atseka faifi."

"Two hours, achimwene. Ana anga anakhala mu office ya sukulu two hours."

"Zimachitika. Alamu anatopa, si dala."

"Ndikudziwa kuti si dala. Koma zachitika kamodzi pa sabata imodzi. Pa chaka pali masabata angati a sukulu?" Anayang'ana dzina lawo pa diramupo. "Dinnah sanandiuze chifukwa akufuna ndipite. Ndikapita, tsiku lina a social adzagogoda pakhomo, ine ndili ku Capital Hill kulemba za nandolo."

"Ndiye tengani passport yanu, mukakhale pansi awiriwiri. Ngati n'kutsala, mutsale mwaulemu."

Anapukusa mutu. "Ndikatsala passport ili m'manja, adziwa kuti ndatsala chifukwa cha tulo take. Adzasenza zimenezo mpaka kumanda. Bola azinena kuti anakwatiwa ndi chitsiru chimene chinatumiza passport pa sitima."

"Ku ofesi ya kazembe wathu ku London amapereka kapepala koyendera mwadzidzidzi. Alamu akudziwa zimenezo."

"Ndinena kuti sikatuluka msanga."

Ndinakwiya, ndipo ndinawauza mosapsatira. Ndinati ife tonse tinatsakamira kuno ngati minga ya nsomba pakhosi, iwo okha ndiwo khomo linawatsegukira, ndiye akufuna kulitseka ndi dzanja lawo lomwe. Ndinati mayi awo sanasenze matumba aja kuti mwana wawo adzafere pa mapaleti. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza.

"Page sixty-four ya pepala langa lija," anatero motsitsa. "Ndinalemba kuti dziko silingakule anthu ake odziwa ntchito ali kunja. N'zoona ndithu, ndipo ndingalembenso lero. Ndinangoiwala kulemba kuti ana awo azitengedwa ndi ndani kusukulu." Anabweza kiyi m'thumba. "Mutu ukakula sulewa nkhonya, achimwene. Matani tepi. Wina akafunsa, kontena inali itapita."

Ndinamata. Tepi inapindika kawiri. Titafika kuvani, Tiwa anafunsa ngati taipeza, ndipo bambo ake anamuuza kuti tachedwa, diramu lapita.

Zotsatira zake zinali zochititsa manyazi monga momwe iwo anafunira. Eni maphukusi anabwera mmodzimmodzi kudzatenga katundu wawo akung'ung'udza, wa nsapato za ukwati uja mpaka anasiya kuwapatsa moni. Steve anawasintha dzina, anayamba kuwaitana ba Passport, ndipo anthu anaseka miyezi iwiri. Abusa analalikira za nthawi ya Mulungu. Mayi Chimbalanga anadikira milungu iwiri kupitirira tsiku lija, kenako malowo anapatsa munthu wina. A Namathanga anabwerera ku weyahausi, shifiti yomwe ija ya nayini mpaka thuu, ndipo nambala yawo inabwerera m'buku la kusukulu. Pa tiyi masiku ano amaima chete pafupi ndi zenera. Ophunzira atsopano akawafunsa za India amayankha mawu awiri atatu n'kupita kukafuna jekete la Harvey. Tiyi wathu timamumwa wotentha tsopano, koma sakoma.

Diramu linafika ku Lilongwe mu Okutobala. Achemwali awo anaswa kaloko, napeza pasipoti m'thumba momwe muja, n'kuipatsira munthu wina amene ankabwera kuno. Atafunsa ngati atumizenso suti, a Namathanga anakana. Anati ikhale komweko, akaipeza.

Ine ndinasunga chinsinsi changa, ndikuganiza kuti tikuchidziwa ndife awiri okha. Koma Lamlungu lina mu Febuluwale, kukugwa kamvula kosatha kaja, mayi Dinnah ananditsatira poimika magalimoto. Anali atachokera kuntchito m'mawa womwewo, maso ali otupa.

"A Jairos, kontena ija inapakiridwa Lachisanu."

Ndinayamba kufunafuna bodza, koma anandidula.

"Musavutike. Diramu lija ndinabukitsa ndine, ndiye nambala yanga ili pa group yanu ya makasitomala."

Apa m'pamene ndinakumbukira. Tili ndi chizolowezi chojambula madiramu tsiku lopakira, n'kutumiza chithunzi pa gulu la WhatsApp kuti eni katundu aone kuti sitinawadyere. Lachisanu lija ndinajambula ndi kutumiza osaganiza n'komwe.

"Ndinachiona ndili pa break, teni koloko," anapitiriza. "Diramu lathu linali kutsogolo, dzina likuoneka, zitseko za kontena zili zotsegula. Ndege inali ya mawa lake madzulo. Ndinadziwa pomwepo kuti anandinamiza, ndinadziwanso chifukwa chake, popeza Tiwa sankandiyang'ana m'maso. Foni inali m'manja mwanga, a Jairos. Ndikanakuimbirani kuti mulitsitse, mukanalitsitsa."

"Ndikanalitsitsa, alamu."

"Sindinaimbe. Ndinaiika m'thumba n'kubwerera ku ward." Anapukuta nkhope ndi chikhatho, sindikudziwa ngati inali mvula. "Ndinkafuna apite, Mulungu ndi mboni. Koma ndinali nditatopa. Akuganiza kuti anandibisira katundu, chonsecho ndikumusenza tsiku lililonse ndikawaona akuwoloka msewu uja. Mukamadzanena nkhani yawo, mudzanenenso zangazi. Ine pamaso pawo mawu sakutuluka."

Ndinatembenuka, makiyi a galimoto ali m'manja. Chapatali a Namathanga ankatuluka mu holo, Harvey ali paphewa, Tiwa atagwira ambulera imene sinkawafika bambo ake kumutu. Mayi Dinnah anakonza mpango wawo n'kupita kukakumana nawo, ndipo ndinamva akufunsa ngati yunifolomu za ana zauma.

Usiku umenewo mayiwo anali pa rota. M'mawa mwake, eyiti koloko, anakumana pasiteji, napatsirana ana.